Mad Dogs & Englishmen ya Joe Cocker: phwando lokoma, mwini wake wotopa

Amene mukufuna kugula chimbale cha Joe Cocker chotchedwa Mad Dogs & Englishmen, dziwiranitu chinthu chimodzi musanatulutse ndalama: nyimbo imene anthu ambiri amamudziwira, "With a Little Help from My Friends", mulibemo. Pa mbale ziwiri zoyambirira zija, zimene kampani ya A&M inatulutsa mu Ogasiti 1970, simuipeza ngakhale mutatembenuza mbali zonse zinayi. Mulibenso "You Are So Beautiful" kapena "Up Where We Belong", chifukwa zimenezo zinabwera pambuyo. Ndayamba ndi chenjezo chifukwa mayi wina amene timagwira naye ntchito anabwera ndi amuna awo kudzamvera kunyumba kwanga, anapirira mpaka mbali yachinayi, kenako anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga ya paukwati ija ili pati?" Ya paukwatiyo palibe. Chimene chilipo ndi phokoso la anthu oposa 20 pansanja imodzi, ndi mwamuna mmodzi wosasa mawu akulimbana kuti amveke pakati pawo.

Yanga ndinagula mushopu ina yogulitsa mbale za kaunjika kuno ku Sheffield, kumene ndimakhala ndi kugwira ntchito yosamalira okalamba. Kuno ndiye kwawo kwa Cocker. Anabadwira ku Crookes, dera lapamtunda chakumadzulo kwa tauni, pa 20 Meyi 1944, ndipo kutsogolo kwa Town Hall dzina lake analikhomera pansi pamodzi ndi mayina a anthu ena otchuka amumzindawu. Ukangomutchula kwa munthu waimvi, khala pansi, nkhani ikubwera. Uyu akuuza kuti ankamuonera m'mabala asanatchuke, uyo akuti anabwera kudzakonza mapaipi a gasi kunyumba kwa mayi ake. Oti anawakonzera gasiwo ndi ochuluka moti mnyamatayo akanakhala kuti analowadi m'nyumba zonsezo, nthawi yoimba sakanaipeza.

Mwini shopu anatchula mapaundi 18. Nditaipendeketsa mbale yachiwiri pa getsi ndinaona kamzere kokalika pa mbali yachitatu. Nditawaonetsa anangoti singano sidumpha, n'kuchotsako mapaundi awiri. Sananame, sidumphadi. Koma pamene Cocker watsitsa mawu pamamveka thi, thi, thi kwa kanthawi, ndipo kamzereko kanagwera pa nyimbo imene ndimaikonda kuposa zonse. Mbale ya zaka zoposa 50, yodutsa m'manja mwa anthu osadziwika, sungaiimbe mlandu waukulu.

Chikuto chake ndicho chimakoka maso. Kutsogolo kuli Cocker atapinda mkono kuonetsa mphamvu, tsitsi lili nyankhalala, zilembo ndi mitundu yake zili za zikwangwani zoitanira anthu ku circus. Ukachitambasula, mkati muli zithunzi ndi mayina a gulu lonse, ndipo ine ndimakonda kuchiyala pamwendo mbale ikuzungulira, n'kumafufuza kuti wa sakisofoniyu ndani, woimba mokweza kumbuyoko ndani. Zimenezi pafoni simungazipeze. Koma chithunzi cha mkonocho chimaseketsa ukadziwa nkhani yake, chifukwa munthu amene akuonetsa mphamvuyo anali wolefuka, ndipo ulendo woimba umene unabala chimbalechi sankaufuna n'komwe.

Kuti zimveke, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Dzina lake lenileni linali John Robert Cocker. Atasiya sukulu anayamba kuphunzira ntchito yolumikiza mapaipi ku East Midlands Gas Board, usiku n'kumaimba m'mabala ndi dzina loti Vance Arnold. Gulu lake, Vance Arnold and the Avengers, linatsegulirapo a Rolling Stones ku Sheffield City Hall mu 1963. Chaka chotsatira kampani ya Decca inamujambula nyimbo ya a Beatles, "I'll Cry Instead", koma sinayende malonda, mnyamata n'kubwerera kumabala komwe kuja. Munthu amene anamusula kaimbidwe, ngakhale anali kutsidya la nyanja, ndi Ray Charles. Kwa iyeyo ndi kumene Cocker anatenga luso lochedwa pang'ono kulowa, ng'oma itadutsa kale, ndi lolola mawu kusweka pakati pa mzere osachita nazo manyazi. Mu 1966 anayambitsa Grease Band ndi mnzake wa ku Sheffield komweko, Chris Stainton, ndipo kenako anagwera m'manja mwa wojambulitsa nyimbo Denny Cordell.

Chimene anachita mu 1968 ndicho chinamutsegulira dziko. Anatenga kanyimbo kopepuka ka a Beatles, "With a Little Help from My Friends" ija, kamene Ringo Starr anaimba mosekerera, n'kukachedwetsa, n'kukasinthira kagundidwe, n'kuikamo limba la kutchalitchi, amayi oyankha kumbuyo ndi gitala ya Jimmy Page. Mu Novembala 1968 nyimboyo inafika pa nambala 1 ku Britain. Lamlungu pa 17 Ogasiti 1969 anaiimba kuphwando lalikulu la nyimbo la Woodstock, ku America, manja akugwedezeka, zala zikukanda gitala yosaoneka, ndipo atangotsika pansanja kunagwa chimvula chimene chinaimitsa phwandolo kwa maola angapo.

Kwathu gulu longoimba makopilayiti timaliderera, timati ndi la pahotela, loimbira anthu akudya. Cocker amasokoneza maganizo amenewo. Nyimbo zake zodziwika pafupifupi zonse zinapekedwa ndi anthu ena, ndipo pa mbale ziwirizi palibe ngakhale imodzi imene anapeka yekha. Muli za a Rolling Stones, Leonard Cohen, Bob Dylan, a Beatles, Otis Redding, Dave Mason. Koma akaigwira nyimbo, mwini wake amaivutikira kuizindikira. Kwa ine mtengo wonse wa chimbalechi wagona pamenepo.

Pofika kumapeto kwa 1969 anali atatheratu ndi maulendo, ndipo Grease Band inabalalika, n'kutsala ndi Stainton yekha. Mu Malichi 1970 anafika ku Los Angeles kuti akapume. Anakapeza omuyendetsera zinthu atakonza kale ulendo wozungulira America, woyamba patangotha sabata ndi masiku ochepa, ndipo anamuuza kuti akakana, bungwe la oimba, a zolowa ndi kutuluka m'dziko ndi okonza maphwando amutsekera khomo la America. Munthu wopanda gulu, wopanda mphamvu, woti sangakane. Iye ndi Cordell anathamangira kwa Leon Russell, katswiri wa piyano wa ku Oklahoma amene anali atathandiza kale pa chimbale chachiwiri cha Cocker ndiponso ndiye anapeka "Delta Lady". Russell anavomera, anaimba mafoni, ndipo m'masiku owerengeka gulu linali litadzaza chipinda. Ambiri anachokera kugulu la Delaney & Bonnie: Carl Radle pa besi, Jim Gordon ndi Jim Keltner pa ng'oma, Bobby Keys pa sakisofoni, Jim Price pa lipenga, Rita Coolidge m'kwaya. Claudia Lennear, amene ankaimba kumbuyo kwa Ike ndi Tina Turner, analowanso. Anayamba ku Detroit pa 20 Malichi. Zimene zili pa mbalezi anajambula muholo ya Fillmore East, mu New York, pa 27 ndi 28 Malichi. Ndiye kuti gulu limene mukulimvalo linali lisanakwanitse n'komwe masabata atatu.

Ulendowo unadutsa mizinda 48 m'miyezi iwiri yokha. Ankayenda pandege yawoyawo, oimba, akazi awo, zibwenzi, ana, ojambula kanema, ngakhale galu. Zinali ngati ukwati wa kumudzi umene mkwati sanaitane ngakhale theka la anthu: mudzi wonse wadya, wavina, watamanda, m'mawa mwake aliyense wanyamuka, mwini wake watsala ndi miphika yakuda ndi ngongole. Ndipo ukamvera bwino, woyendetsa mwambo pano si Cocker. Ndi Russell, ndi chipewa chake chachitali, amene amaloza woyamba, woleka, wokweza. Dzina pachikuto ndi la Cocker, koma chiwongolero chili kwa wina, ndipo zimamveka.

Mbali yoyamba imatseguka ndi "Honky Tonk Women". Kunena zoona imeneyi ndi yongotenthetsera magazi. Gulu likuthamanga, Cocker akutafuna mawu moti ngakhale azungu a kuntchito kwathu amati sakumva chimene akunena. "Sticks and Stones", imene Ray Charles anatchukitsa mu 1960, imayamba kuwongola zinthu. Koma pamene ndinasiya kupukuta mbale zodyera n'kukhala pansi ndi pa "Cry Me a River". Amene anamvapo mmene Julie London anaiimbira mu 1955 akudziwa kuti ndi nyimbo yonong'ona, gitala imodzi ndi besi basi, mkazi wokhumudwa akulankhula motsitsa. Pano piyano ya Russell imalowa mwaukali, kwaya imakuwa, ndipo Cocker saimba ngati munthu wosweka mtima ayi, akukalipa. Mawu ndi omwewo, koma amene akulankhulayo wasanduka munthu woti ukakumana naye panjira umupatukire. Ku America inafika pa nambala 11, ndipo ine ndimaona kuti inayenera kupitirira pamenepo. Mbaliyi imatha ndi "Bird on the Wire" ya Leonard Cohen, yodekha, kwaya ikuyenda pang'onopang'ono kumbuyo. Ndi pano pamene munthu umayamba kumva kuti pansi pa kukuwa konse kuja pali woimba wodziwa kusunga mpweya.

Mbali yachiwiri ili ndi "Feelin' Alright" ya Dave Mason, imene Cocker anaiimba moyo wake wonse mpaka anthu kuiwala kuti inayamba ndi gulu la Traffic. Kenako Cocker amachoka, Rita Coolidge n'kuimba "Superstar". Amaimba bwino, sindikutsutsa, mawu ake ndi oyera ndipo khutu limapumako. Koma ndinagula chimbale cha Cocker, ndipo apa mwini wake palibe. Imatsatira ndi "Let's Go Get Stoned", inanso imene Ray Charles anatchukitsa, yoitanira anzako kukaledzera. Omvera ku Fillmore East akusangalala nayo kwambiri. Ine imandivuta pang'ono, chifukwa ndikudziwa kumene mowa unamufikitsa munthuyu zaka zotsatira. Ndi yaitalinso kuposa mmene inafunikira.

Mbali yachitatu ndiyo mtima wa katundu yense. Imayamba ndi "Blue Medley", mphindi zoposa 12, nyimbo zitatu zolumikizidwa: "Drown in My Own Tears" ya Ray Charles, "When Something Is Wrong with My Baby" imene anaimba Sam & Dave, ndi "I've Been Loving You Too Long" ya Otis Redding. Mzungu wa ku Yorkshire kuima mu New York n'kuimba nyimbo zitatu zimenezi motsatizana kunali kudziika pachiswe. Eni ake ndi zimphona za nyimbo za soul, ndipo Otis Redding anali atamwalira pangozi ya ndege zaka ziwiri zokha ndi miyezi ingapo m'mbuyomo. Akanangoyerekeza kuwatsanzira, bwenzi tikumuseka mpaka lero. Sawatsanzira. Gulu lonse lija limatsika, ng'oma zimayenda mwakachetechete, ndipo kwa nthawi yoyamba Cocker ali ndi malo. Amagwira liwu limodzi, kulikoka, kulisiya lisweke, kenako kukhala chete kanthawi kamene woimba wamantha sangayerekeze. Pa nyimbo yachitatuyo pali pamene mawu amamuthera, kumangomveka mpweya wokhakhala, kwaya n'kumunyamula. Ena anganene kuti ndi kulephera. Ine ndimaona kuti kutopa kwake kwenikweni kuja kunalowa m'nyimbo, ndipo nyimbo zimenezi zimafuna munthu wotopadi. Mwana wanga wamkazi, amene amati zonse zimene ndimamvera ndi zachikale, analowa pabalaza nthawi ina ili pakati, anaima ndi foni m'manja, n'kufunsa kuti, "Adadi, akulira kapena akuimba?" Sindinamuyankhe, ndipo sanachoke mpaka inatha.

Zotsala pa mbaliyi sizifika pamenepo. "Girl from the North Country" ya Bob Dylan amaimba awiri, Russell ndi Cocker, piyano yokha kumbuyo, ndipo ndi yabwino ndithu, kungoti Russell amaimbira m'mphuno ndipo si aliyense angamukonde. "Give Peace a Chance" musaisokoneze ndi ya John Lennon, iyi ndi ina, ya Russell ndi Bonnie Bramlett. Ndi chiphokoso cha chitsitsimutso, aliyense akukuwa mzere umodzimodzi, maseche ali wewere, Cocker osaoneka kumene walowera. Kwa amene anali muholo usiku umenewo mwina zinali zokoma. Pabalaza, ine ndimanyamula singano.

Mbali yachinayi ndi yovina, ndipo ilibe chotaya. "She Came In Through the Bathroom Window" ya a Beatles, "Space Captain" ya Matthew Moore, amene anali m'kwaya momwemo, "The Letter" imene a Box Tops anatchukitsa mu 1967, ndi "Delta Lady" potsekera. "The Letter" ndiyo imaonetsa ubwino wokhala ndi gulu lalikulu chotere. Ya a Box Tops sikwana n'komwe mphindi ziwiri. Pano piyano imayamba yokha, malipenga n'kulowa, Bobby Keys ndi Jim Price n'kupatsidwa mpata aliyense, ndipo pomafika kumapeto nyumba yonse ikugwedezeka. Aneba anga a khoma limodzi amaidziwa bwino nyimbo imeneyi, ngakhale sanaisankhe.

Za kamvekedwe, musayembekezere ukhondo wa mu situdiyo. Oimba ng'oma ndi angapo, kuwonjezapo a maseche ndi ng'oma zamanja, ndipo pamene onse agunda limodzi, pansi pamachita matope. Besi ya Carl Radle nthawi zina imamira. Cocker naye sankaima malo amodzi, ndiye pali mizere ina imene imamveka patali, mutu utachoka pa maikolofoni. Pa masipika aang'ono zonse zimaunjikana. Ndinayesa kumvera nyimbo zomwezi pafoni ndili m'basi, ndipo kwaya ndi malipenga zinangosanduka chinthu chimodzi. Chimbalechi chimafuna masipika otalikirana ndi voliyumu yokwera ndithu. Palinso timawu tolonjera ndi todziwitsa oimba pakati pa nyimbo, tosangalatsa ulendo woyamba, totopetsa ukazolowera.

Malonda anayenda. Chimbale chinafika pa nambala 2 pa Billboard, mndandanda wa zogulidwa kwambiri ku America, "The Letter" yojambulidwa mu situdiyo pamene ankakonzekera ulendowo inafika pa nambala 7, ndipo mu 1971 kunatuluka kanema wa ulendo wonse. Onani tsono kumene anthu analowera. Radle ndi Gordon anapita kwa Eric Clapton n'kukhala mbali ya Derek and the Dominos. Keys ndi Price anakagwira ntchito ndi a Rolling Stones. Russell anatchuka payekha, ndipo mu 1971 anali pansanja ndi George Harrison pa Concert for Bangladesh. Ngakhale "Superstar" ija, a Carpenters anaitola n'kugulitsa nayo kwambiri chaka chomwecho. Nanga mwini dzina? Nkhani imene imakambidwa kawirikawiri ndi yoti ndalama zonse zitawerengedwa, anatsala ndi madola 862. Anadzabwerera kuno ku Sheffield kwa makolo ake, ndipo sanayendenso ulendo woimba mpaka 1972.

Zaka zotsatirazo zinali zowawa. Mu Okutobala 1972 anamangidwa ku Adelaide, ku Australia, atapezeka ndi chamba, kenako kunabuka ndewu ku Melbourne, boma n'kumupatsa maola 48 kuti atuluke m'dzikomo. Mowa unamugwira kwambiri moti panali masiku ena pamene ankalephera kumaliza nyimbo pansanja. Komabe pakati pa zonsezo anajambula "You Are So Beautiful" ya Billy Preston, imene inafika pa nambala 5 ku America mu 1975. Mvetserani mmene liwu lomaliza limathothokera m'nyimbo imeneyo, ndi munthu yemwe uja wa mu "Blue Medley", atangoonjezera mabala. Mu 1976 wanthabwala John Belushi anamutsanzira pa pulogalamu ya Saturday Night Live, Cocker ali pambali pake, onse awiri akuimba "Feelin' Alright" atavala zofanana. Anthu anaseka. Ine ndikaonera kachidutswa kameneko sindidziwa ngati ndiseke nawo.

Anadzukanso mu 1982. "Up Where We Belong", imene anaimba ndi Jennifer Warnes m'kanema wa An Officer and a Gentleman, inafika pa nambala 1 ku America n'kuwapezetsa mphoto ya Grammy. Kuchokera apo anakhala woimba wa mtundu wina, wovala jekete, wodzaza mabwalo ku Ulaya, makamaka ku Germany. "You Can Leave Your Hat On" inabwera mu 1986, "Unchain My Heart", inanso ya Ray Charles, mu 1987. Mu 1988 anaimba ku Dresden, nthawi imeneyo kukadali East Germany, ndipo bwalo limene anaimbiralo anthu amalitchabe Cockerwiese, kutanthauza bwalo la Cocker. Mu Juni chaka chomwecho anali m'gulu la oimba ku Wembley pa phwando lokumbukira kuti Nelson Mandela akukwanitsa zaka 70, mkuluyo akadali m'ndende. Anakwatira Pam Baker mu 1987, ndipo anadzakhazikika ku Crawford, ku Colorado, pafamu imene anaitcha Mad Dog Ranch, kumene ankalima tomato. Dzina la ulendo umene unamusiya wopanda kanthu analipereka kunyumba yake. Analandira ulemu wa dziko la Britain wotchedwa OBE mu 2007, anatulutsa chimbale chomaliza, Fire It Up, mu 2012, ndipo anamwalira ndi khansa ya m'mapapo pa 22 Disembala 2014 ali ndi zaka 70. A Rock and Roll Hall of Fame, bungwe la ku America lolemekeza oimba otchuka, anadzamulowetsa mu 2025, zaka pafupifupi 11 ali m'manda. Kuchedwa kumeneko kulibe chifukwa chomveka.

Nyimbo za m'ma 1980 zija sindizinyoza, zinamupulumutsa, ndipo ndi zimene zimalira m'maukwati. Koma n'zosalala, zokonzedwa kuti zisakhumudwitse munthu. Amene akufuna kudziwa chifukwa chake anthu ankamuyerekeza ndi Ray Charles ayenera kubwerera ku 1970, ndipo mbale ziwirizi ndi umboni wake, ndi zolakwika zake zomwe.

Ndiye mugule kapena ayi? Ngati mukungofuna nyimbo zodziwika zija pamalo amodzi, musavutike ndi ichi, pezani chimbale chilichonse chosonkhanitsa nyimbo zake zotchuka, zilipo zambiri ndipo n'zotchipa. Ngati mukufuna Mad Dogs & Englishmen koma simungagone popanda "With a Little Help from My Friends", funani ma CD awiri a Deluxe Edition amene anatuluka mu 2005. Mmenemo anaibwezeramo, pamodzi ndi nyimbo zina zimene zinasiyidwa pa mbale zoyambirira. Chimenecho ndichonso chanzeru kwa amene mukufuna kutumizira abale kumudzi, chifukwa mbale ya galamafoni ikakhala padzuwa kapena m'galimoto yotentha imapindika, ndipo ikapindika yatha. Okonda reggae, amene kwathu ndi ambiri, yesaninso Sheffield Steel ya 1982. Anaijambulira ku Compass Point, ku Bahamas, Sly Dunbar ali pa ng'oma, Robbie Shakespeare pa besi, ndipo muli "Many Rivers to Cross" ya Jimmy Cliff. Gulu ndi laling'ono, malo ndi ambiri, mawu a Cocker amamveka mpaka pansi. Ikanakhala ndiyo yoyamba kuimva, mwina bwenzi ndikulemba za iyoyo.

Koma kwa amene muli ndi galamafoni ndipo simuopa phokoso, mbale zoyambirirazi n'zoyenera mtengo umene ndinalipira, ngakhale nditachotsera nyimbo ziwiri kapena zitatu zimene ndimadumpha. Pogula za kaunjika, tulutsani mbale zonse ziwiri muone zolembedwa pakati, chifukwa zimachitika kuti m'chikuto muli mbale ya munthu wina kapena imodzi yasowa. Yang'anani mopindika mwa chikuto, ndi mmene mumayambira kung'ambika. Ndipo ngati m'shopumo muli galamafoni, apempheni akuikireni mbali yachitatu, osati yoyamba. Phokoso la "Honky Tonk Women" limabisa zokalika zonse, pamene "Blue Medley" sibisa kanthu.